Basela wa a Injiniya Wandiphera Makina

K45,000. Imeneyo ndi ndalama imene ndinapereka ndi manja angawa kuti munthu andiphere ntchito. Ndipo ndinathokoza. Ine, mayi wamkulu wa ana atatu, ndinachita kupinda bondo n'kunena kuti, "Mulungu akudalitseni, a Injiniya." Ndikalikumbukira dalitso limenelo mtima umandiwawa.

Dzina la shopuyo sinditchula, loya ndilibe. Koma nkhani yonse muimva, ndipo mwini wake akawerenga adzizindikira.

Amene simundidziwa, ine ndimapeta mabaji ku Zingwangwa kuno. Baji ya pajuzi la sukulu, dzina la kwaya pamalaya, chizindikiro cha timu ya mpira pa kapusi, ntchito yanga ndi imeneyo. Ndili ndi makina opetera amodzi okha. Malemu achimwene anga a Zuze ndi amene anandigulira ku Joni, kwa munthu wina amene ankatseka shopu yake. Zinabwera zinthu zitatu: makinawo, kompyuta yakale yoyera imene pano inasanduka yachikasu, ndi chingwe chonenepa chomangira ndi tizitsulo tiwiri. Pulogalamu youza makina kuti singano iyende motani inali kale m'kati mwa kompyutamo. Sidi yake panalibe. Pepala la nambala ya laisensi panalibe. Achimwene anatisiya, ndipo munthu wa ku Joni uja ngakhale dzina lake sindilidziwa. Zaka khumi ndi chimodzi kompyuta imeneyi yakhala ikuyaka pang'onopang'ono ngati nkhalamba yodzuka pamphasa, koma ikayaka ntchito imagwira. Ana anga adya ndi kuphunzira chifukwa cha iyo.

Sabata yatha ndinali ndi oda yaikulu kuposa zonse za chaka chino. Sukulu ina yapulayiveti ya ku Soche inandipatsa majuzi 260 oti ndiike mabaji, adzatenge Lachisanu 10 koloko m'mawa, poti Lolemba lake ankatsegulira. Pofika Lolemba masana ndinali nditapeta 74.

Nthawi ili 3:20 magetsi anathima. Anabwera, kompyuta n'kuyamba kuyaka, anathimanso mphindi isanathe. Atabweranso, sikirini inangoti bii, pamwamba pali mizere iwiri ya Chingerezi yonena kuti fayilo ina ya sisitimu yasowa kapena yawonongeka. Ndinazimitsa, ndinayatsa. Zomwezo. Ndinazula mawaya onse n'kubwezeretsa. Zomwezo.

Ndinaimbira Che Jafali. Awa ndi bambo achikulire a ku Mbayani, anapuma pantchito ya makompyuta pa ofesi ina m'tauni, ndipo ndi amene akhala akuiyang'anira kompyutayi chibwerereni. Tsoka lake anali ku maliro a mchemwali wawo ku Mangochi. Ndinawawerengera zilembo za pasikirini chimodzichimodzi.

"Musalire, mayi," anatero. "Ameneyo ndi kaundula. Ife timati rejisitire. Ndi buku limene kompyuta imalembamo zonse zokhudza iyo mwini: mapulogalamu amene ilinawo, manambala a malaisensi awo, makina amene alumikizidwa pa chiboo chiti. Magetsi athima iyo ili m'kati molemba, ndiye buku lang'ambika."

Ndinafunsa ngati ndiye kuti zonse zapita.

"Ayi. Kompyuta imeneyo ili ndi khalidwe labwino. Pakapita masiku angapo imakopera kaundula yense n'kubisa pamalo ena. Makope amenewo alipo, ndinawaonapo ndi maso anga. N'kungotenga la sabata yatha n'kuliika pamalo pa long'ambikalo. Ntchito ya ola limodzi. Ine ndifika Lachinayi. Ngati simungadikire, pitani kwa wina, koma mukamuuze zinthu ziwiri: asafomate, kumene kuli kupukuta zonse n'kuyambiranso, ndipo asafufute kanthu kalikonse."

Apa ndiye pamene ndinalakwira, ndipo ndikuvomera pamaso panu. Sindinadikire. Koma tawerengani nanu. Majuzi otsala 186. Makina anga akalimbikira amapeta 60 patsiku. Kudikira Lachinayi kunali kulephera ndisanayambe n'komwe.

Lachiwiri 7:40 m'mawa ndinaibereka kompyuta kumbuyo ndi chitenje ngati mwana. Kondakitala anandilipiritsa mipando iwiri, akuti mwana wanga ndi wamakona. Maminibasi awiri, mpaka ku Ndirande, ku shopu imene aneba anandiuza kuti kuli akatswiri. Pakhomo alemba ndi penti kuti amakonza makompyuta onse, akale ndi atsopano. Mawu oti "akale" ndi amene anandilowetsa.

M'kati ndinapeza bambo wa tayi, wa zaka mwina makumi atatu ndi mphambu, masatifiketi atatu ali pakhoma kumbuyo kwake. Aliyense wolowa ankati a Injiniya. Ndinatsitsa katundu wanga pa kauntala. Pamwamba pake ndinali nditamata tepi ya pepala n'kulembapo ndi cholembera cha maka, zilembo zikuluzikulu: MUSAFOMATE. MUSAFUFUTE CHILICHONSE.

Anawerenga. Anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Amayi, kodi mukamapita kuchipatala mumadzilemba pamimba zoti adokotala achite?"

Anthu awiri amene ankadikira mafoni awo anaseka nawo. Ine ndinafotokoza zonse zimene Che Jafali anandiuza. Za kaundula, za makope obisika, za pulogalamu imene ilibe sidi. Ndinanena katatu kuti pulogalamu imeneyo ikatayika ine ndatha. A Injiniya maso anali pafoni. Atatukula mutu anati agogo ngati amenewa ndi oyenera kupuma, ali ndi laputopu yabwino ya K380,000, angandichotsereko pang'ono. Ndinawaonetsa chiboo cha chingwe cha makina kumbuyo kwa kompyuta n'kuwafunsa ngati laputopu yawoyo ili nacho. Anati ayi, zimenezo zinatha kalekale. Ndiye ndikaipetere pa chiyani, pa bondo?

"Chabwino, isiyeni. Vuto limeneli ndimalidziwa ngati dzina langa. K45,000. Mubwere 2 koloko."

Sindinapite kwina. Ndinakhala pa benchi panja, dzuwa likundiwotcha. 2 koloko anati ali ku lanchi. 3:30 anati yatsala pang'ono. 4:30 anatuluka akutafuna chingamu n'kuti, "Mayi, mukadali pano? Mubwere mawa, ndikufuna ndiipange bwinobwino." Bwinobwino. Mawu amenewo muwasunge.

Lachitatu ndinafika 9:15. Chitseko chotseka. Anatulukira 10:40 pa njinga ya kabaza, opanda ngakhale pepani. Analumikiza kompyuta ku sikirini yawo n'kudina. Abale, inayaka. Inayaka mwachangu chimene sindinachionepo chiyambire. Misozi inalengeza m'maso.

"Mwaona? Masekondi makumi anayi. Kale inkatenga mphindi zingati?"

Ndinati zisanu, mwina zisanu ndi chimodzi.

"Inadzaza zinyalala. Ndakuyeretserani yonse. Imeneyo simulipira, ndi basela. Ndiponso ndinaona chitenje chanu cha mpingo chija, ndiye ndakuikirani nyimbo za makwaya ndi mafilimu a m'Baibulo, muzimvera mukamasoka. Baselanso."

Ndinaona kuti chithunzi cha ana anga chimene chimakhala pasikirini palibe, pali kaphiri kobiriwira. Tizithunzi ta mapulogalamu tambiri panalibenso. Ndinafunsa kuti mwafomata kodi? Anati ayi, tepi yanu ija ndinaimvera. Anatsegula foda ya mabaji anga, onse analipo. Anandionetsa dzina la pulogalamu yopetera, linalipo. Ndinati tatsegulani tione. Anati singatseguke popanda makina, mukalumikize kunyumba. Ndinakhulupirira. Munthu wa tayi ndi masatifiketi atatu, ine wa fomu thuu ndikanatsutsa chiyani? Ndinalipira, ndinapinda bondo, ndinadalitsa.

12:30 ndili kunyumba. Ndamanga chingwe, ndaika juzi la nambala 75 pa makina, ulusi wofiira uli m'singano. Ndadina pulogalamu. Kabokosi katulukira, kakufuna nambala ya laisensi ya zilembo makumi awiri. Zaka khumi ndi chimodzi sinandifunsepo nambala imeneyo. Ndadina kuti ipitirire, yatseka. Makina ali zii, ngakhale kagetsi kake kosonyeza kuti amva kompyuta sikakuyaka.

Ndinaimba foni ka 11. Ya nambala 12 anayankha.

"Amayi, inu munabwera ndi kompyuta yosayaka. Ikuyaka kapena sikuyaka?"

Ndinati ikuyaka koma sikugwira ntchito.

"Za mapulogalamu ndi nkhani ina imeneyo."

Ndinaiberekanso. Maminibasi awiri, mipando iwiri. 3 koloko ndili pa kauntala paja. Ulendo uno sanaseke. Anatenga lisiti langa n'kuloza ndi chikhadabo pansi penipeni, pa timawu tating'ono ngati nyerere, takuti shopu siyankha za mapulogalamu a kasitomala. Ndinafunsa kuti nanga makope a kaundula amene ndinakuuzani aja munawagwiritsa ntchito? Anati makope ake ati? Makope ake ati! Munthu amene anati vutoli amalidziwa ngati dzina lake. Kenako anati angathe kundipezera pulogalamu ina pa intaneti, ndiwonjezere K20,000. Ndinafunsa ngati pulogalamuyo ingayendetse makina anga. Anati tiyesa. Ndinati mwayesa kale zokwanira. Ndinanyamula mwana wanga n'kutuluka.

Lachinayi Che Jafali anatsika basi n'kubwera molunjika kwathu, 11 koloko, chikwama cha kumaliro chili m'manja. Ngakhale tiyi anakana. Anamasula kompyuta, anachotsa hadi disiki, kaja kosunga zonse, n'kukalumikiza ku laputopu yawo. Anayang'ana. Anayang'ananso. Kenako anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo. Munthu wamkulu akavula magalasi asanalankhule umadziwiratu.

"Mayi, munthu ameneyu anayamba bwino, koma anaima pakati pa njira."

Anandifotokozera pang'onopang'ono, ndipo ndikufuna nanunso mumve, chifukwa nkhani yagona apa. Kupatula makope atsopano aja, kompyuta imasunganso kope limodzi lakalekale, la tsiku limene inayatsidwa koyamba, isanaikidwe pulogalamu iliyonse. Wokonza amaika kope lakalelo poyamba kuti kompyuta ingodzuka, alowe m'kati. Akalowa amapita pamalo obisika paja, amatenga kope la sabata yatha, amaliika, basi zonse zimabwerera mwakale. Magawo awiri. A Injiniya anachita gawo loyamba. Ataona kuti yayaka anati ntchito yatha. Kompyuta inadzuka ndi kaundula wa tsiku lobadwa, wosadziwa pulogalamu yanga, wosadziwa nambala yake, wosadziwa kuti padziko pano pali makina opetera.

Ndinati ndiye chitani gawo lachiwirilo, Che Jafali, ndi ola limodzi munatero.

Anatembenuza laputopu kuti ndione. Foda ya makope inali yopanda kanthu. Mbee.

"Zinyalala zimene anayeretsa zija ndi zimenezi. Lachiwiri, 5:12 madzulo. Makope onse."

5:12. Mphindi makumi anayi ndi ziwiri ine nditachoka pa benchi paja. Tepi yanga ili pamwamba pomwepo, pafupi ndi chigongono chawo.

Che Jafali anati chiyembekezo chikadalipo pang'ono. Akuti chinthu chikafufutidwa m'kompyuta sichichoka nthawi yomweyo, chimakhala pomwepo mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Anayatsa pulogalamu yawo yofufuzira. Tinakhala. Ine ndinatulutsa kolona, iwo milomo ikuyenda chamumtima, aliyense akupempha mwa njira yake. Ola loyamba, lachiwiri, lachitatu. Cha m'ma 4:45 zotsatira zinabwera. Mayina a makope anaoneka, asanu ndi anayi. Anatsegula loyamba, m'kati muli zidutswa za nyimbo. Kope lachiwiri, filimu. Kope lachitatu, nyimbo. Onse asanu ndi anayi. Hadi disiki yanga ndi yaing'ono, ndipo malo amene a Injiniya anapeza atayeretsa ndi omwewo anathirapo basela wawo wachiwiri. Nyimbo za makwaya zinakhala pamwamba penipeni pa kaundula wanga.

"Akanangofufuta, ndikanabweza," anatero Che Jafali. "Akanangothira nyimbo osafufuta, sizikanakwana n'komwe. Koma anachita zonse ziwiri. Pepani, mayi."

Ndinawapatsa ya transipoti, anakana. Anati ayesa kufunsa anzawo ngati wina ali ndi pulogalamu ya makina amtundu umenewu, koma anandiuza mosabisa kuti ndisadalire. Makinawo ndi akale, amene anawapanga anasiya kalekale kugulitsa pulogalamu yake, ndipo mapulogalamu atsopano salankhula ndi chingwe chonenepacho.

Tisanasiyane ndinaimbira a Injiniya, foni ndinaiika pa sipika kuti Che Jafali amve. Ndinawauza zonse, mpaka 5:12. Mukudziwa zimene anayankha?

"Kuyeretsa timachitira kasitomala aliyense, palibe anadandaulapo. Ndi saini ya shopu yathu. Ndiye amayi, zaulere mukudandaulanso?"

Che Jafali anawafunsa mwaulemu ngati amadziwa chimene chimakhala mu foda imene anakhuthulayo. Anayankha kuti iwo sakambirana ntchito yawo ndi madala a pa penshoni. Foni n'kudula.

Lachisanu 10 koloko yeniyeni galimoto ya sukulu inaima pakhomo. Anatsika achiwiri kwa ahedi, mayi waulemu wake amene ndagwira naye ntchito zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinawapatsa majuzi 74 opeta ndi 186 osapeta, ndinawapinda bwinobwino m'matumba momwe anabwerera. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti amvetsa, koma ana akutsegulira Lolemba, ndiye apita nawo kwa munthu wina wa makina atsopano ku Limbe. Kenako anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Mayi, mungatithandizeko fayilo ya baji ija? Kuti awo asayambirenso kujambula."

Baji imeneyo ndinaijambula ndekha. Ndinatha sabata yathunthu ndikukonza nthenga za mbalame ili pakati pake kuti ulusi usamadukire. Ndinatenga fulashi yawo, ndinayatsa kompyuta, masekondi makumi anayi, ndinakopera fayilo n'kuwapatsa. Sukulu imeneyo sidzabweranso kwa ine, ndipo sindingaiimbe mlandu.

Tsopano a Injiniya, poti foni yanga munaibuloka, ndikufunsirani pano pagulu. Tepi ija simunaione? Kapena Chichewa cha zilembo zikuluzikulu chimakuvutani? Ndinakuuzani katatu za makope, munali pafoni, munkawerenga chiyani chofunika kuposa chakudya cha ana anga? Ndani anakupemphani kuyeretsa? Ndani anakuuzani kuti ndikusowa nyimbo, ine woimba kwaya chiyambire ndili mtsikana ku Nsanje? Masatifiketi atatu aja, palibe ngakhale imodzi imene inakuphunzitsani kuti ntchito imeneyi ili ndi gawo lachiwiri? Ngati simunkadziwa, chinavuta n'chiyani kunena kuti amayi, izi sindizitha, dikirani madala anu? Ndikanataya oda imodzi. Makina akanatsala.

Yankho sindikuliyembekezera. K45,000 ija idyani, ngakhale mutabweza singagule zilembo makumi awiri zija. Ena mwandiuza kuti ndipite kupolisi. Ndikanene kuti chiyani? Kuti munthu wandiyeretsera kompyuta n'kundipatsa nyimbo za Mulungu? Akandiseka ngati momwe anandisekera pa kauntala.

Inu amene muli ndi kompyuta yakale imene ikuyendetsa chinachake, kaya ndi makina odulira zikwangwani, kaya osindikizira, mverani ine. Ikadwala matenda a kaundula, musaisiye m'manja mwa munthu n'kukakhala pa benchi panja. Khalani pambali pake. Mufunseni kuti makope ali kuti, akuonetseni ndi chala. Akati makope ake ati, nyamulani katundu wanu. Muuzeni akopere hadi disiki yonse pena asanakhudze kanthu. Ndipo akangotchula mawu oti basela, gwirani dzanja lake. Basela ndi wa tomato ndi bonya kumsika, osati wa m'kompyuta.

Dzulo kunabwera bambo wina wogula zitsulo zakale, wamva kuti ndili ndi makina akufa. Anawazungulira, anawagogoda, anati angandipatse ya kulemera kwake pa sikelo. Ndinamuuza kuti makinawo si akufa, alibe chilema ngakhale chimodzi, angosowa wowauza chochita. Anati kwa iye n'chimodzimodzi. Ndinati abwere mwezi wamawa, mwina anzawo a Che Jafali apeza kanthu. Tonse awiri tinadziwa kuti adzabwera ndipo adzawatenga.

Makinawo ndawafunditsa chitenje chomwe ndinkaberekera kompyuta chija. Ulusi wofiira wa juzi la nambala 75 ukadali m'singano, sindinauchotse. Mwana wanga wamng'ono wapeza foda ya nyimbo ija, ndiye akaweruka kusukulu amayatsa. Zikumveka bwino kwambiri, a Injiniya. M'nyumba monse muli makwaya, ndipo singano sikuyenda.